Gawo Limene Ndinakana

Mwana wanga anamwalira m'mwezi wa Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi fumbi, matimati atangoyamba kupsa. Anagwa m'dimba akusuntha mapaipi a madzi, ndipo pamene tinkafika naye kuchipatala anali atasiya kale kulankhula. Anagona masiku awiri basi. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, mwana yekhayo amene ndinabereka n'kukula. Anasiya mkazi ndi ana awiri aakazi, mapasa, amene panthawiyo anali giredi 4.

Anasiyanso munda ku Kanakantapa, wa mapepala ake a boma, olembedwa m'dzina lake. Kumtunda kwa mundawo kunali nyumba yake ya malata, ndi kanyumba kanga kumbuyo kwake, kamene anandimangira nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Kumunsi kunali dimba ndi boholo, chitsime chokumba ndi makina chija, chimene chinkatidyetsa tonse m'chilimwe. Panalinso ng'ombe zochepa ndi kalole kakale konyamulira ndiwo kupita nazo ku msika wa ku Lusaka. Wilo, kalata yonena za kagawidwe ka chuma munthu akamwalira, sanalembe. Munthu wamphamvu zake, amene amanyamula yekha thumba la feteleza, angaganize bwanji za wilo?

Bambo ake anatisiya mwanayo ali ndi zaka zinayi. Tinachokera limodzi ku Katete tili achinyamata, n'kukhala ku Lusaka, kenako iwo anati akupita ku Kitwe kukafuna ntchito ya ku migodi. Ntchitoyo anaipeza, anapezanso mkazi wina. Sanatumize kalata, sanatumize nsapato, sanafunse ngati mwana wayamba sukulu. Ine ndinaphunzitsa m'masukulu a kuno ku Chongwe zaka zoposa makumi atatu, ndipo mwanayo anakulira kumbuyo kwa makalasi, akudya fumbi la choko. Atakula anakawafunafuna yekha bambo akewo, anawapeza atabwerera ku Lusaka, anakhala nawo masana amodzi. Atabwera ndinamufunsa zimene anakambirana. Anangoti, "Amai, ni munthu chabe," ndipo sanawatchulenso.

Pamaliro a mwanayo bambo akewo anabwera tsiku lachiwiri, atagwira ndodo, atatsogozedwa ndi mwana wawo wamwamuna wa kwa mkazi wina uja. Anali atakalamba kuposa ine. Anaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Amake mwana, pepani." Ndinati zikomo. Anakakhala kwa azibambo, anapatsidwa mpando, anadya. Palibe anawaganizira kanthu, ngakhale ine.

Titaika maliro, m'mawa mwake abale a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti akambirane za katundu. Mpongozi wanga, amene kuyambira kale ndimamutchula kuti amake mapasa, anakhala pamphasa atawerama, azakhali ake atamuzinga uku ndi uku ngati akuyembekeza nkhondo. Ndinkadziwa chimene ankaopa. Ndinaonapo ndi maso anga mkazi wa mphunzitsi mnzanga akutulutsidwa m'nyumba ndi abale a mwamuna wake, atachotsa ngakhale makatani, iye n'kutsala ndi mphika umodzi ndi ana atatu. Tsiku limenelo ndinalumbira mumtima kuti ine sindidzakhala mpongozi wotero.

Tsono mlongo wanga, amene ankatsogolera zokambiranazo, asanamalize n'komwe mawu ake oyamba, ndinaimirira.

"Ine sinitenga kanthu," ndinatero. "Olo sipuni. Vonse vamene anasiya mwana wanga ni va ana bake na amai bao."

Azimayi a ku tchalitchi anayamba kung'ung'udza, "Mulungu akudalitseni, amai." Azakhali aja anamasuka mapewa. Amake mapasa anakwawa n'kudzagwira miyendo yanga akulira. Ndiyenera kunena zoona pano: pakati pa chisoni chonse chija ndinamva kukoma. Pogawa zovala anandipatsa bulangete la mwana wanga, ine ndinalipinda bwinobwino n'kulibweza pamaso pa anthu onse. Sabata yotsatira nkhani yanga inali itafika mpaka ku Kasisi, ndipo wina anaitchula polalikira.

Patapita mwezi tinapita kukhoti kuti amake mapasa apatsidwe mphamvu yoyang'anira chumacho. Kalaliki wa pamenepo anatifotokozera mmene lamulo limagawira za munthu wofa wopanda wilo: nyumba ndi ya mkazi ndi ana, ndipo pa zotsalazo pali gawo la ana, gawo la mkazi, gawo la amene ankadalira malemuyo, ndi gawo la makolo, limodzi mwa magawo asanu. Anafunsa ngati makolo ali moyo. Amake mapasa anati inde, onse awiri, n'kutchula maina. Ine ndinati langa ndinalikana kale pamaso pa abale.

"Va pakamwa sitilemba, amai," anatero kalalikiyo. "Ngati mukana, mukalembe pepala, mubwere mulumbire."

Panja pa khoti panali kantemba ka bambo wina wotayipa makalata pa kompyuta. Ndinamuuza chimene ndinkafuna. Anandifunsa kuti, "Tilembe chabe kuti mwakana, olo pali vina vamene mufuna kuikapo?"

"Lembani chabe kuti nakana. Vonse."

Anatayipa m'Chingerezi mizere isanu ndi umodzi. Ndinavala magalasi, ndinawerenga, ndinapeza liwu limodzi lolakwika sipelo, n'kumuuza kuti akonze. Anakonza akuseka, akuti lero wakumana ndi aphunzitsi. Ndinatuluka m'kantembamo mutu uli m'mwamba. Sipelo ndinaiona, dzenje sindinalione.

Amene anandilumbiritsa anali bambo wachikulire. Asanadinde anandiyang'ana n'kuti, "Amai, mwaganiza bwino? Ivi mukasaina sivibwerera."

"Nili na nzeru zanga," ndinayankha.

Anadinda. Nthawi zambiri ndimafuna kumukwiyira bambo ameneyu, kuti akanawonjezera mawu awiri okha, koma ndikakumbukira mmene ndinamuyankhira ndimaona kuti ngakhale ine ndikanangodinda.

Mvula inabwera, tinabzala. Amake mapasa anaphunzira kuyendetsa dimba, ine ndinkatsala ndi ana ndi kuyang'anira ng'ombe. Tinkadyera pamodzi. Madzulo ndinkawathandiza mapasa homuweki, iye akusankha matimati a mawa. Miyezi imeneyo, ngakhale tinali pa chisoni, ndi imene ndinakhala naye bwino kwambiri mpongozi wanga.

Kalata inafika mu Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye. Inachokera kwa loya wa ku Lusaka, woimira bambo ake a mwana wanga. Inati iwo monga kholo akufuna gawo la makolo, ndipo popeza mayi a malemu analemba kuti akana, gawolo lonse ndi lawo.

Ndinaseka nditawerenga. Ndinauza amake mapasa kuti asade nkhawa, zimenezi n'zoopseza chabe, ine ndinakana kuti zipite kwa ana ndipo anthu oposa makumi asanu anamva. Komabe tinakwera minibasi kupita m'tauni, kwa loya wina wamkazi amene amathandiza azimayi amasiye. Anali wamng'ono, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa. Anawerenga kalatayo, anawerenga pepala langa kawiri, kenako analiika pathebulo pang'onopang'ono.

"Amai, apa munalemba kuti mwakana. Simunalembe kuti mwapasa."

"Nanga si chimodzimodzi?"

"Iyai. Kukana na kupasa ni vinthu viwiri. Mukanalandira gawo lanu, mawa lake mwalemba kuti napasa azukulu banga, palibe akanakamba. Chinthu chikakhala chanu mungapase aliyense. Koma munthu wokana sasankha kumene chiyende. Lamulo limuona monga kulibe, monga anafa kale mwana asanafe. Manje pa makolo, ngati imwe kulibe, asala ndani?"

Ndinali nditakhala pampando, chikwama pamiyendo, ndikupuma, koma pamaso pa lamulo ndinali nditafa, ndipo amene anali moyo anali bambo amene sanagulepo ngakhale pensulo.

Ndinati ndiye ndilembe pepala lina, lofafaniza loyambalo. Anapukusa mutu. Anati munthu akakana molumbira, ndipo ena ayamba kale kuchita zinthu potengera kukanako, sangabwerere n'kunena kuti ndasintha maganizo. Anati theka la gawolo bambowo akanalitenga ndithu ngakhale ine ndikanapanda kulemba kanthu, poti lamulo silifunsa amene analera. Koma theka lokha likanakwanira ndi kalole ndi ng'ombe ziwiri kapena zitatu. Gawo lonse silikanakwanira popanda kudula nthaka.

Amake mapasa anafunsa ngati palibe njira iliyonse. Loyayo anaganiza pang'ono, kenako anatembenukira kwa ine.

"Musanasaine ili pepala, munatengako kanthu kalikonse pa chuma cha mwana wanu? Ng'ombe, katundu, chilichonse chamene munatenga monga chanu? Chifukwa munthu amene walandira kale sangakane. Ngati munatenga, tingakambe kukhoti kuti kukana kwanu kunalibe mphamvu kuchokera pachiyambi. Sinikulonjezani, koma ni njira."

"Sininatenge," ndinatero. "Olo bulangete ninabweza."

"Ndiye basi," anatero.

Titatuluka tinayenda mpaka pokwerera basi. Tinakhala kumbuyo kwenikweni. Titadutsa Silverest, pamene nyumba zatsopano zikumera ngati bowa m'minda imene kale inali ya chimanga, amake mapasa anayamba kulankhula motsitsa mawu, akuyang'ana kutsogolo.

"Amai, ija thole yofiira. Mukambe kuti munaitenga sabata ya maliro, munaipereka kwa amalume ku Kasisi. Amalume angavomere. Tingaipereke mawa."

"Nilumbire boza?"

"Ni thole chabe, amai."

"Nigwire Baibulo nikambe vamene sivinachitike? Nanga anthu bonse baja banamva pansi pa mango?"

Apa anatembenuka n'kundiyang'ana. "Anthu baja sibazadyesa ana banga."

Ndinamupempha kuti andipatse masiku. Ndinakhala nayo nkhaniyo sabata yathunthu. Ndinapita kwa mlongo wanga, amalume a ku Kasisi aja, amene anati iye ali wokonzeka kunena chilichonse chimene ine ndinganene. Thole lija ndinkaliona m'mawa uliwonse potsekula khola. Ndinayesa kuyeseza mawuwo ndekha ndikupalira, ngati mwana woloweza ndakatulo, koma sindinkatha kuwamaliza. Mpaka lero sindidziwa ngati chinandiletsa chinali kuopa Mulungu kapena kuopa kuti azimayi amene ananditamanda adzamva kuti ndinabisa ng'ombe maliro ali m'nyumba. Ndimafuna kukhulupirira choyambacho. Masiku ena ndimakhulupiriradi.

Nditamuuza kuti sindingathe, amake mapasa anali akutsuka mabokosi a matimati pa boholo. Sanakweze mawu.

"Amai, kawiri konse mwasankha dzina lanu. Poyamba munafuna bakutamandeni, manje mufuna basakunyozeni. Ana banga ndiye balipira."

Anapitiriza kutsuka. Ine ndinakwera kumtunda.

Chinatsala chinali chimodzi: kukawapempha bambowo kuti nawonso akane, kapena atengeko theka lokha. Ndinali ndisanapondepo pakhomo pawo, ndipo ndinali nditalumbira kuti sindidzapondapo. Ndinapita. Ankakhala m'komboni ina ya ku Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya mwana wawo uja. Ndinawapeza panja pampando wapulasitiki, mwendo umodzi wotupa atausanjika pa ndowa. Mwana wawoyo anaima pakhomo manja ali m'thumba, osalowa, osachoka.

Ndinagwada. Ine, pa msinkhu wanga, ndinagwada pa fumbi pamaso pa munthu ameneyo. Ndinawauza za mapasa, za dimba, kuti popanda madzi mundawo ndi thengo chabe. Ndinawauza kuti pepala lija ndinalemba molakwitsa, cholinga changa chinali ana.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Amake mwana, imwe munakana chifukwa munadya kale. Anakumangirani nyumba. Zaka zonse izi mudya va m'manja mwake. Ine sininadyeko olo kamodzi."

"Munamupasa chani kuti mudye?"

"Magazi," anatero. "Ni mwana wanga naine."

Ndinawakumbutsa chaka chimene mwanayo anadwala chikuku n'kutsala pang'ono kufa, ine ndikuwalembera makalata atatu osayankhidwa. Ndinawakumbutsa kuti pa ukwati wake mpando wa bambo unakhalidwa ndi mlongo wanga. Anayang'ana mwendo wawo.

"Ivo ni vakale. Ine nidwala, nifunika mankhwala. Lamulo yakamba, sinine nakamba."

Mwana wawo pakhomo paja anawonjezera m'kalankhulidwe ka ku Kitwe kuti, "Ba mayo, imwe munasaina mweka. Palibe anakukakamizani."

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandiwawa kuposa zonse. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi pachitenje, sindinatsanzike.

Loya wathu ananena kuti tikhoza kukadandaula ku khoti lalikulu kuti liganizire za ana, koma anati zingatenge zaka ndipo mapeto ake sakuwadziwa. Amake mapasa anati watopa. Anagwirizana ndi bambowo zodula nthaka. Titakolola, kunabwera anthu oyeza malo ndi zitsulo zawo. Kumtunda sakanadula chifukwa cha nyumba, choncho anadula kumunsi, ndipo mzere unadutsa kumtunda kwa boholo mamita ochepa, n'kuisiya mbali inayo. Ndinaima pa chulu ndikuwaona akukhoma zikhomo. Bambowo sanabwere n'komwe kudzaona malo awo. Pasanathe miyezi itatu anali atagulitsa kwa munthu wa ku Lusaka, amene anazinga waya n'kumanga makola aatali a nkhuku. Mphepo ikachokera kumunsi fungo lake limafika mpaka m'nyumba.

Chilimwe chimenecho kunalibe dimba. Kalole kanaima pansi pa mtengo mpaka matayala anaphwa, kenako kanagulitsidwa. Amake mapasa anayesa chaka chimodzi kudalira chimanga cha mvula, mvula nayo inadula msanga. Pamapeto pake anapeza ntchito m'shopu ya simenti ndi malata ku Silverest, anachita lendi chipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, n'kutenga ana. Tsiku losamuka anandipatsa makiyi a nyumba yaikulu kuti ndizitsekula mawindo. Ng'ombe zinapita kwa mlongo wanga. Ine ndinatsala m'kanyumba kanga, pa nthaka imene tsopano ndi ya adzukulu anga ndi mayi awo, ndipo ine ndilibepo ngakhale phazi limodzi. Palibe anandiuzapo kuti ndichoke. Koma ndikudziwa kuti ndikukhala chifukwa cha chifundo cha munthu amene ndinamulakwira.

Ku tchalitchi nkhani ija amaikambabe, koma theka loyamba lokha. Mayi wina wachitsikana anandigwira dzanja tsiku lina n'kunena kuti akufuna apongozi ake akanakhala ngati ine. Ndinamuuza kuti asamapemphe zinthu zimene sakuzidziwa. Anaganiza kuti ndikudzichepetsa.

Bambo aja anamwalira chaka chatha. Uthenga unabwera pa foni kudzera kwa mlongo wanga, wakuti ana awo akuti ndikapezeke poti ndine mkazi woyamba. Sindinapite. Ndinamva kuti ndalama za munda zinamanga zipinda zina ziwiri pa nyumba ya mwana wawo uja, ndipo mwendo wa bambowo unadulidwa ndithu. Ndinayembekeza kuti ndimva kupepukidwa, koma sindinamve kanthu. Tsiku la maliro awo ndinakhala ndikusenda mtedza.

Ku Silverest ndimapita kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, ndi kathumba ka ufa kapena maungu. Amake mapasa amandilandira mwaulemu wonse. Amagwada popereka moni, amanditcha amai, amandiphikira tiyi wamkaka, amafunsa za mawondo anga. Sanabwerezepo mawu aja a pa boholo. Koma ikakwana 3 koloko amayang'ana foni n'kunena kuti mabasi a ku Chongwe amavuta madzulo, ndipo ine ndimamva.

Ulendo wathawu mapasa anandiperekeza ku msewu. Ndi anamwali tsopano, atalika kundiposa, ndipo pakati pawo amalankhula Chingerezi chothamanga chimene ine mphunzitsi ndimachita kutchera khutu. Mmodzi anatsogola kukaimitsa basi. Winayo, amene anatengera mayendedwe a bambo ake, anatsala nane atanyamula chikwama changa.

"Ambuya," anatero, "ni zoona kuti ndimwe munapasa munda wathu kuli baja bambuya baamuna?"

Ndinamufunsa amene anamuuza. Anati palibe, anangomva amayi ake akukamba ndi azakhali.

Ndinafuna kumufotokozera zonse, kuti sindinapatse, ndinakana, ndipo kuti ndinakana chifukwa cha iye ndi m'bale wake. Koma ndinaona kuti mwana wa zaka khumi ndi zisanu amene amagona pansi m'chipinda chimodzi ndi mayi ake alibe nazo ntchito zosiyanitsa mawu.

"Ni zoona," ndinatero.

Anagwedeza mutu, sanafunsenso. Basi inaima, kondakitala anakuwa kuti Chongwe, Chongwe, malo alipo amodzi. Mtsikanayo anandithandiza kukwera, anandiikira chikwama pamiyendo, n'kunena kuti ndikafika ndiwaimbire amayi ake. Ndinafika dzuwa likadalipo. Ndinaimba, foni inalira mpaka kuduka, kenako panabwera uthenga wakuti ali ndi makasitomala, zikomo poti mwafika bwino.